Wophunzira kapena wantchito? Mfundo imene yamanga malamulo a basketball ya m'makoleji ku America

Marichi ukafika ku United States, maso a dziko lonse amakhala pa mpikisano wachipulula wa basketball ya m'makoleji wotchedwa March Madness. Mu 2011 chiwerengero cha matimu a amuna olowa mu mpikisanowu chinafika 68, ndipo m'masabata atatu okha katswiri amakhala atadziwika. Ndalama zake n'zosasimbika. Mu 2010 makampani a kanema a CBS ndi Turner anavomera kulipira $10.8 biliyoni kuti azionetsa mpikisanowu kwa zaka 14, ndipo mu 2016 anaonjezerapo $8.8 biliyoni kuti mgwirizanowo ufike 2032. Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewero a m'makoleji kuchokera ku Indianapolis, limadya kwenikweni kuchokera m'masabata atatu amenewa. Pa masewero aliwonse amene timu yasewera, kupatula fainolo, ligi ya timuyo imalandira gawo la ndalama lotchedwa unit, lomwe limaperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka 6 ndipo lonse limafika pafupifupi $2 miliyoni.

Mpaka mu 2021, wosewera amene anthu amatchera kanema kuti amuone sankaloledwa kulandira ngakhale dola imodzi chifukwa cha dzina lake. Lero ena mwa iwo akulandira mamiliyoni. Komabe palibe amene angakuuzeni kuti zinthu zakhazikika, chifukwa pafupifupi lamulo lililonse limene NCAA yaika likumakathera kukhoti. Gwero la chipwirikiti chonsechi ndi limodzi: malamulo okhudza ndalama, kusamuka ndi zaka zosewera akupangidwa ndi masukulu okhaokha, pomwe amene malamulowo akuwamanga sanakhale nawo pansi n'kugwirizana.

Dzina la student-athlete linachokera kuti

M'makalata onse a NCAA wosewera amatchedwa student-athlete, kutanthauza wophunzira amene amachitanso masewero. Dzinali limamveka laulemu, koma linabadwira pa milandu ya chipukutamisozi. Mu 1955 Ray Dennison, wosewera mpira wachimereka wa football pa koleji ya Fort Lewis A&M ku Colorado, anamwalira atavulala m'mutu pa masewero. Mkazi wake anapempha chipukutamisozi chimene amalandira mabanja a anthu ofera pantchito. Mu 1957 khoti lalikulu la Colorado linamukanira, ponena kuti malemuyo sanali wantchito wa kolejiyo. Walter Byers, amene anatsogolera NCAA kuyambira 1951 kwa zaka zoposa 35, anadzavomereza yekha atakalamba kuti dzinalo analiumba dala kuti makhoti asamaone osewera ngati antchito.

Phangano linali lotere: sukulu ikupatsa sikolashipu, yomwe ndi fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku, iwe n'kusewera osayembekezera china. Pa timu ya amuna ya mu Division I, gawo lapamwamba lokhala ndi masukulu oposa 350, masikolashipu ankalekezera pa 13, ndipo ya akazi pa 15. Kwa wachinyamata wochokera m'banja losauka chimenechi sichinali chinthu chochepa, ndipo lero sichinachepe. Vuto linadza pamene ndalama za kanema zinachuluka, n'kumatsikira kwa wina aliyense kupatula wosewera. Mu 2023 mphunzitsi wa timu ya Kansas, Bill Self, anasaina kontirakiti ya $53 miliyoni pa zaka zisanu zoyambirira.

Chifukwa chake NCAA imagonja kukhoti

Ku America kuli lamulo la mu 1890 lotchedwa Sherman Act, loletsa anthu opikisana pa malonda kugwirizana mtengo. Mlimi wa fodya angalimve msanga. Ogula onse atati akumane usiku n'kupangana kuti mawa ku okushoni palibe wopyola mtengo wakutiwakuti, mlimi alibe kothawira, chifukwa msika ndi womwewo. Masukulu nawo ndi ogula: amalimbirana luso la achinyamata omwewo. Akapangana kudzera mu NCAA kuti palibe wopereka choposa sikolashipu, pamaso pa lamulo amaoneka ngati ogula fodya aja.

Woyamba kugwedeza mpandawu mwamphamvu anali Ed O'Bannon, amene anatsogolera timu ya koleji ya UCLA kutenga chikho mu 1995. Patapita zaka, akugwira ntchito yogulitsa magalimoto ku Nevada, anadziona m'gemu ya pakompyuta ya kampani ya EA Sports: wamanzere, wampala, nambala 31 kumsana, koma iye osafunsidwa ndiponso osalipidwa. Anasuma mu 2009. Mu 2014 jaji Claudia Wilken wa ku California anagamula kuti malamulo a NCAA akuphwanya Sherman Act. Khoti la apilo linachepetsako mphamvu ya chigamulocho mu 2015, koma chitseko chinali chitatseguka kale, ndipo masukulu anayamba kupereka kandalama koonjezera ka zofunika zina monga mayendedwe ndi zovala.

Pa 21 Juni 2021 khoti lalikulu la dziko lonse, la Supreme, linagamula mlandu wa Alston, majaji onse 9 mogwirizana, kuti NCAA singaletse masukulu kupereka thandizo lokhudza maphunziro, kuphatikizapo mphotho ya ndalama yofika $5,980 pachaka. Chigamulocho pachokha chinali chopapatiza. Chimene chinaopsa maloya a NCAA ndi zimene jaji Brett Kavanaugh analemba payekha, zoti NCAA siili pamwamba pa lamulo ndipo kachitidwe kake sikangaloledwe m'bizinesi ina iliyonse m'dzikomo. Aliyense anamva kuti mlandu wotsatira udzakhala wa malipiro enieni.

Pakati pa milandu iwiriyi panagwa manyazi aakulu. Mu Sepitembala 2017 apolisi a FBI anamanga anthu khumi, mwa iwo othandizira aphunzitsi anayi a ku Arizona, Auburn, Oklahoma State ndi USC, komanso mkulu wina wa kampani ya Adidas, James Gatto. Zinadziwika kuti banja la mnyamata wina linalonjezedwa $100,000 kuti akasewere ku Louisville, timu yovala Adidas, ndipo mphunzitsi Rick Pitino anachotsedwa ntchito. NCAA inakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi Condoleezza Rice, yomwe inatulutsa lipoti mu Epulo 2018. Lipotilo linapempha zilango zokhwima, gulu loima palokha lofufuza milandu ikuluikulu, chilolezo choti osewera azifunsa nzeru kwa maejenti ovomerezeka, ndi kutha kwa lamulo la one-and-done, lochititsa akatswiri kungokhala pa koleji chaka chimodzi. Za malipiro linazilambalala, ponena kuti zili m'manja mwa makhoti. Gulu lofufuza lija linagwira milandu 6 yokha, ndipo linatsekedwa mu 2023.

One-and-done ndi lamulo limene anthu ambiri amalinamizira NCAA, chonsecho ndi la NBA, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa a basketball ku America. Kuyambira draft ya 2006 (draft ndi mwambo wa pachaka pamene matimu a NBA amasankha osewera atsopano), wofuna kulowa mu NBA ayenera kukwanitsa zaka 19 m'chaka cha draft ndiponso kukhala atatha chaka chimodzi chitsirizireni sekondale. Choncho akatswiri amene akanalunjika ku NBA amadzera ku koleji miyezi yosakwana 10, monga anachitira Joel Embiid wa ku Cameroon ku Kansas. Lamuloli lingasinthe pokhapokha NBA ndi bungwe la osewera ake atagwirizana, ndipo pa mgwirizano wawo wa 2023 analisiya momwemo. Taonani kusiyana kwake: lamulo la NBA loletsa wazaka 18 laima zaka pafupifupi 20 osagwa, pomwe a NCAA akugwa limodzi ndi limodzi. Chifukwa chake tibwererako.

Ndalama zimayenda bwanji lero

Njira zake ndi ziwiri, ndipo n'zosiyana.

Yoyamba ndi NIL, chidule cha mawu achingerezi otanthauza dzina, chithunzi ndi maonekedwe a munthu. Dera la California linayamba ndi lamulo lake mu 2019, madera ena anatsatira, ndipo pa 1 Julayi 2021 NCAA inalola wosewera kutsatsa malonda, kusaina majezi, kuphunzitsa ana kapena kulipidwa pa zimene waika pa Instagram. Sipanatenge nthawi, anthu achuma okonda matimu awo anapanga magulu otchedwa collective, osonkha ndalama n'kumalipira osewera m'dzina la NIL. Papepala zinali zotsatsa malonda, koma zenizeni zake anali malipiro a kusewera. NCAA itayesa kuletsa maguluwa kukopa osewera ndi ndalama, madera a Tennessee ndi Virginia anasuma, ndipo mu Febuluwale 2024 jaji anaimitsa lamulolo.

Yachiwiri inabwera ndi mgwirizano wothetsa mlandu wa House, womwe jaji Wilken yemwe uja anauvomereza pa 6 Juni 2025. Mlanduwu unatenga dzina la Grant House, katswiri wosambira wa ku Arizona State, ndipo mnzake posuma anali Sedona Prince, wosewera basketball ya akazi. NCAA ndi maligi akuluakulu anavomera kulipira pafupifupi $2.8 biliyoni m'zaka 10 kwa amene anasewera kuyambira 2016 koma anamanidwa mwayi wopeza ndalama. Chachikulu kuposa apo n'chakuti kuyambira pa 1 Julayi 2025 sukulu yeniyeniyo ikhoza kulipira osewera ake mwachindunji.

Malire a chaka choyamba anali pafupifupi $20.5 miliyoni pa sukulu iliyonse, pa masewero onse pamodzi. Chiwerengerochi ndi 22 peresenti ya ndalama zimene sukulu ya m'maligi akuluakulu imapeza pa kanema, matikiti ndi othandiza, ndipo chizikwera chaka ndi chaka. Masukulu a m'maligi akuluakulu a ACC, Big Ten, Big 12, SEC ndi Pac-12 anamangidwa ndi mgwirizanowu chifukwa ndiwo ankazengedwa mlandu. Ena amasankha kulowa kapena ayi, ndipo a Ivy League anakana. Palibe lamulo lonena mmene ndalamayo igawidwire. Masukulu ambiri okhala ndi football yaikulu anatengera kagawidwe kofanana ndi ka chipukutamisozi chija: pafupifupi 75 peresenti ku football, 15 ku basketball ya amuna, 5 ku ya akazi, ndi 5 ku masewero ena onse. Mukawerengetsa, timu ya amuna imatsala ndi $3 miliyoni ndi kena, ya akazi pafupifupi $1 miliyoni. Apa pali chimene ambiri sanachione msanga: masukulu opanda football monga Marquette, Creighton ndi St. John's alibe wogawana naye, motero ngati ndalama ali nazo angathire zochuluka ku basketball kuposa masukulu olemera a mu SEC.

Malire a masikolashipu anachotsedwa, m'malo mwake munalowa malire a chiwerengero cha osewera: 15 pa timu ya basketball, onse ololedwa kupatsidwa sikolashipu. Pa masewero ena zimenezi zinachititsa kuti achinyamata achotsedwe pa matimu, moti jaji Wilken anayamba wakana kusaina mpaka mgwirizanowo utakonzedwa kuti amene anali kale pa timu asawerengedwe pa malirewo.

Kuti ma collective asaboole malire aja, mgwirizano uliwonse wa NIL wa $600 kapena kuposerapo uyenera kulembetsedwa pa intaneti ku NIL Go, chipangizo chopangidwa ndi kampani ya Deloitte, pansi pa bungwe latsopano la College Sports Commission. Ngati wolipirayo ali pa ubale ndi sukuluyo, amafunsidwa mafunso awiri. Kodi pali malonda enieni amene akutsatsidwa kwa anthu? Kodi ndalamayo ikufanana ndi imene munthu wotchuka chimodzimodzi angalandire? Ukakanidwa, wosewera angaukonze, angausiye n'kubweza ndalama, kapena angapite kwa mkhalapakati. Pofooka pake n'poonekeratu. Mtengo wa dzina la munthu ulibe sikelo, ndipo m'tauni yaing'ono imene timu ya koleji ndiyo chilichonse, wogulitsa magalimoto angalumbire moona mtima kuti nkhope ya wosewera imamubweretsera makasitomala. Mu Julayi 2025 bungwe latsopanolo linati ma collective sakukwaniritsa funso loyamba. Maloya a osewera atakwiya, linabweza mawu mwezi womwewo usanathe. Ndipo ma collective ambiri anali atalipiriratu ndalama zambiri Julayi asanafike kuti zisadutse pa sefayo.

Kwa wosewera mwini, misampha ili pafupi. Ndalamazi zimadulidwa msonkho, koma popeza iye salembedwa ngati wantchito, nthawi zambiri palibe amene amamudulira pamwezi. Amadzaona ngongole ya msonkho ndalama atadya kale. Ku NBA ejenti saloledwa kutenga zoposa 4 peresenti ya malipiro a wosewera, pomwe ku koleji kulibe bungwe la osewera loika malire otere. Lonjezo la pakamwa nalo lavulaza ambiri: mu Disembala 2024 osewera akale 6 a Florida State anasumira mphunzitsi wawo ponena kuti analonjezedwa $250,000 aliyense koma sanaione. Makontirakiti atsopano a masukulu amakhalanso ndi ndime zoti wosewera akasamuka abweze ndalama, ndipo wosainayo kawirikawiri ndi mwana wa zaka 18.

Kusamuka

Kale wosewera basketball akasintha sukulu ankakhala chaka chathunthu osasewera, ndipo mpaka 2018 mphunzitsi ankatha kumuletsa kupita ku masukulu ena amene iye sakuwafuna. Mphunzitsi yemweyo akapeza ntchito yonona kwina ankanyamuka tsiku lomwelo. Mu Okutobala 2018 kunabwera transfer portal, kaundula wa pakompyuta momwe wofuna kusamuka amalembetsa dzina kuti masukulu ena amuyankhule. Mu Epulo 2021 analola kusamuka kamodzi popanda kudikira. Mu Disembala 2023 madera angapo motsogozedwa ndi Ohio anasuma, jaji wa ku West Virginia anaimitsa lamulo loletsa kusamuka kachiwiri, ndipo mu Epulo 2024 NCAA inangolifafaniza. Tsopano munthu angasamuke chaka chilichonse bola maphunziro ake ali bwino. Chimene NCAA yatsala nacho ndi nthawi yolembetsera, yomwe yakhala ikufupikitsidwa kuchoka pa masiku 60 kufika 45, kenako 30, ndipo mu 2026 masiku 15 oyambira pambuyo pa fainolo.

Mu 2025 osewera aamuna oposa 2,000 a mu Division I analowa mu portal, pa osewera oposa 5,000 onse. Ena zimawayendera. Walter Clayton Jr. anachoka pa koleji yaing'ono ya Iona n'kukatsogolera Florida kutenga chikho cha 2025. Koma dzina likangolowa mu kaundulayo, sukulu yakale ili ndi ufulu wothetsa sikolashipu teremu ikatha, ndipo si onse amapeza kolowera. Masukulu ang'onoang'ono asanduka nazale: amalera wosewera zaka ziwiri, akangopsa n'kutengedwa. Omaliza sekondale nawo malo awachepera, chifukwa mphunzitsi amene ntchito yake ili pachiswe amasankha mnyamata wa zaka 22 woyesedwa kale kusiyana ndi wa zaka 18. Aphunzitsi ena angotopa nazo. Tony Bennett, amene anapatsa Virginia chikho mu 2019, anatula pansi udindo mu Okutobala 2024 ponena kuti sakuyeneranso masewero a masiku ano.

Lamulo la zaka nalo likusweka. Kwa nthawi yaitali linali losavuta: nyengo zinayi zosewera mkati mwa zaka zisanu. Mu Disembala 2024 wosewera football wa ku Vanderbilt, Diego Pavia, anapeza chiletso cha khoti choti zaka zake za pa koleji ya zaka ziwiri zisawerengedwe, ndipo milandu yofanana nayo inachuluka, majaji ena kuvomera, ena kukana. Mu Disembala 2025 James Nnaji wa ku Nigeria, amene anasankhidwa pa nambala 31 mu draft ya NBA ya 2023 ndipo anasewerapo ukatswiri ku Ulaya, analoledwa kusewerera Baylor chifukwa anali asanasaine kontirakiti ya NBA. Munthu akamapeza zambiri ku koleji kuposa ku G League, ligi yaing'ono ya NBA, n'zosadabwitsa kuti akufuna kukhalitsa kapena kubwerera.

Nanga sukulu?

Papepala malamulo a maphunziro ndi okhwima ndithu. Wolowa Division I ayenera kukhoza maphunziro 16 ofunika a kusekondale ndi GPA (avereji ya magiredi) yosachepera 2.3. Akalowa, pofika chaka chachitatu akhale atamaliza 40 peresenti ya digiri yake, chachinayi 60, chachisanu 80. Timu yonse imayezedwa ndi muyezo wa maphunziro wotchedwa APR: wosewera aliyense wa sikolashipu amabweretsa mapointi awiri pa teremu, imodzi ngati wakhoza ndipo ina ngati wakhalabe pasukulu, ndipo timu yotsika pansi pa 930 pa 1,000 ingaletsedwe mpikisano, monga zinachitikira timu ya koleji ya Connecticut (UConn) mu 2013.

Koma malamulo oyeza manambala amabala njira zokometsera manambala. Alangizi amakankhira osewera ku maphunziro osawombana ndi nthawi ya zoyeserera za timu, osati amene mwiniwake akufuna. Ku North Carolina, kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti kwa zaka 18 ophunzira pafupifupi 3,100, pafupifupi theka lawo osewera, analembetsa makalasi amene sankakumana n'komwe. Mu 2017 NCAA inalephera kulanga sukuluyo chifukwa makalasiwo anali otsegukiranso ophunzira wamba. Kusamuka kwaonjezera vuto lina: sukulu yatsopano sivomereza maphunziro onse a yakale, choncho wosamuka katatu angathe nyengo zake zinayi digiri ili kutali.

Lamulo limati timu isatangwanitse wosewera maola oposa 20 pa sabata m'nyengo ya masewero, maola 4 patsiku, ndi tsiku limodzi lopuma. Chinyengo chili pa kawerengedwe. Tsiku la masewero limawerengedwa maola atatu basi ngakhale litatenga tsiku lonse. Ulendo, chithandizo cha kuvulala ndi zoyeserera zotchedwa zodzifunira siziwerengedwa. Kafukufuku wa NCAA yomwe amasonyeza kuti osewerawa amathera maola oposa 30 pa sabata pa masewero. Ndipo kuyambira 2024, pamene UCLA, USC, Oregon ndi Washington analowa Big Ten pofuna ndalama za kanema wa football, timu ya basketball ya ku Los Angeles imauluka makilomita pafupifupi 4,000 kukasewera ndi Rutgers ku New Jersey pakati pa sabata. Palibe wosewera amene anavota pa zimenezo. Tikumbukire kuti draft ya NBA imakhala ndi malo pafupifupi 60 pachaka, ena n'kutengedwa ndi ochokera kunja. Kwa ochuluka, digiriyo ndiyo katundu weniweni amene adzatuluke naye.

Wochokera kunja ali ndi mtolo wake. Wachinyamata wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Dakar amene wapeza sikolashipu amalowa pa viza ya wophunzira ya F-1, yomwe imaletsa ntchito zambiri zolipidwa ali m'dzikomo. Anzake a pa timu akamajambula zotsatsa malonda, iye akachita zomwezo angataye viza. N'chifukwa chake Oscar Tshiebwe wa ku DR Congo anagwira ntchito zake za NIL mu 2022 pamene timu ya Kentucky inali pa ulendo ku Bahamas. Njira zimene maloya amagwiritsa ntchito ndi kugwirira ntchitoyo kunja kwa America, kapena kulemba mgwirizano ngati chilolezo chogwiritsa ntchito dzina popanda mwiniwake kuchitapo kanthu. Wofuna kusaina chilichonse ayambe waonana ndi ofesi ya ophunzira akunja ya pasukulupo komanso loya wa za maviza, osangodalira mawu a mphunzitsi kapena ejenti.

Malamulo a m'bwalo momwemo savuta chotere, chifukwa sakhudza thumba la wosewera. Pa masewero a amuna, nthawi yoti timu ikhale itaponya mpira inayamba ndi masekondi 45 mu 1985, inatsika kufika 35 mu 1993 ndi 30 mu 2015. Mzere wa mapointi atatu unayambira pa mamita 6.02 mu 1986, unasunthidwa kufika 6.32 mu 2008, ndipo mu 2019 unafika 6.75 ngati wa FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi, pofuna kutsegula malo pansi pa nkhata. Akazi anayamba kusewera makota anayi a mphindi 10 mu 2015, koma amuna akadali pa zigawo ziwiri za mphindi 20, mwa zina chifukwa chigawo chilichonse chimaimitsidwa kanayi kuti kanema aulutse malonda, ndipo kusintha kungasokoneze malondawo. Mu nyengo ya 2025-26 aphunzitsi a amuna anapatsidwa mwayi wopempha kuti chigamulo china cha woimbira chionedwenso pa kanema, bola akhale ndi timeout (mwayi woimitsa masewero pang'ono) yotsala.

Basketball ya akazi ndiyo yasonyeza kuti mawu a wosewera mmodzi angasunthe bungwe lonse. Mu Marichi 2021 Sedona Prince anaika pa intaneti kanema woonetsa kamulu ka zitsulo zochitira majimu kamene akazi anapatsidwa ku San Antonio, poyerekeza ndi chipinda chodzaza cha amuna. Chaka chotsatira mpikisano wa akazi unakwezedwa kufika matimu 68 ndipo unaloledwa kugwiritsa ntchito dzina la March Madness. Fainolo ya akazi ya 2024, South Carolina ndi Iowa ya Caitlin Clark, inaonedwa ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa ya amuna, ndipo mu 2025 matimu a akazi anayamba kulandira ma unit. Koma kagawidwe ka 75-15-5-5 kaja kakuwombana ndi Title IX, lamulo la mu 1972 loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu, ndipo osewera ena aakazi anachita apilo pa chipukutamisozi cha House pa chifukwa chomwechi.

Mpando umene ulibe munthu

Tibwerere ku funso lija. Malamulo a NBA oika malire a malipiro, zaka ndi draft sagwa kukhoti chifukwa anakambidwa ndi bungwe la osewera, ndipo malamulo a ku America amateteza mgwirizano wa olemba ntchito ndi bungwe la antchito ku Sherman Act. Posinthana ndi malirewo, osewera a NBA amatenga pafupifupi theka la ndalama zonse za ligi. Makoleji akufuna chitetezo chomwecho popanda kulipira mtengo wake, womwe ndi kuvomereza kuti osewera ndi antchito.

Sikuti osewera alibe mawu konse. Komiti yawo yolangiza, SAAC, ilipo kuyambira 1989, ndipo pamene maligi akuluakulu anapatsidwa mphamvu zodzipangira malamulo ena mu 2014, osewera anapatsidwa mavoti 15 pa 80. Koma wolangiza angamvedwe kapena kusamvedwa, sangakane kusaina. Pa 5 Marichi 2024 timu ya amuna ya Dartmouth inavota, 13 kwa 2, kulowa bungwe la antchito la SEIU, mkulu wa m'chigawo wa bungwe la boma loona za antchito la NLRB atagamula kuti iwo ndi antchito. Chaka chomwecho chisanathe anachotsa pempho lawo, boma latsopano litatsala pang'ono kulowa, poopa kuti chigamulo chowakanira chingatsekere ena onse. Mu Julayi 2024 khoti la apilo pa mlandu wa Johnson linati osewera akhoza kuonedwa ngati antchito malinga ndi mmene zinthu zilili, ndipo nkhaniyo inabwezedwa kukhoti laling'ono.

Otsutsa ali ndi mfundo zosanyozeka. Masukulu ambiri a mu Division I amagwiritsa ntchito ndalama zambiri pa masewero kuposa zimene amapeza, ndipo malipiro kwa onse angaphe matimu a kusambira kapena kuthamanga. Wantchito angathenso kuchotsedwa ntchito. Ndiponso NLRB ili ndi mphamvu pa masukulu omwe si aboma okha; aboma amatsata malamulo a madera awo, ndipo dera ngati North Carolina limaletsa antchito aboma kukambirana malipiro kudzera m'bungwe. Motero Duke, yomwe si yaboma, ndi North Carolina, yomwe ndi yaboma, oyandikana ndiponso a ligi imodzi, angakhale pansi pa malamulo osiyana. Pa chifukwa chimenechi mtsogoleri wa NCAA, Charlie Baker, wakhala akupempha nyumba ya malamulo ya Congress kuti ipereke chitetezo ku milandu ndi kulengeza kuti osewera si antchito, ndipo bilu yotchedwa SCORE Act inaperekedwa mu Julayi 2025 ndi cholinga chimenecho. Kwa ife njira imeneyo ikungobwereza za Byers ndi inki yatsopano. Njira yapakati imene maloya ena amaikamba, yopatsa osewera ufulu wokambirana ngati gulu popanda kuwatcha antchito, ikuoneka yanzeru, koma nayonso ikufuna lamulo latsopano la Congress.

Mgwirizano wa House suyankha funso la untchito, unalisiya dala. Unakambidwa ndi maloya oimira osewera a dzulo ndi a lero, koma ugwira ntchito zaka 10, mpaka nyengo ya 2034-35. Mnyamata amene adzayambe koleji chaka chimenecho pano ali ku pulayimale. Akadzafika adzapatsidwa chikalata chomudziwitsa za malire a malipiro ake, ndi mwayi wolembera khoti ngati sakugwirizana nawo.